Nkhondo ya Sitima Ziwiri pa Nyanja Yathu

Anzanga awerengi, mukadzapita ku Mangochi mudzaime pang'ono pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Pali nsanja ya wotchi, ndipo pambali pake pali mzinga wachitsulo. Anthu ambiri amangoudutsa. Mzinga umenewu unali pa sitima ya pamadzi yotchedwa Guendolen, ndipo uli ndi mbiri yake. Tiyeni tiwerenge.

Kale sitima za pa nyanja yathu sizinkabwera zathunthu. Zinkachokera ku Ulaya zili zidutswazidutswa. Pa Shire pali mathithi amene sitima singadutse, choncho amtengatenga ankasenza zitsulozo pamutu kuchokera kumunsi, kudzera ku Blantyre, mpaka ku Matope. Inu a kuno ku Lirangwe njira ya ku Matope mukuidziwa bwino. Ndani akudziwa, mwina agogo a agogo anu anasenzako.

Sitima ya Guendolen inali ya boma la Angerezi. Anailumikiza ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi, ndipo inayamba kuyenda mu 1899. Tsidya la nyanja, dziko limene tsopano ndi Tanzania linali m'manja mwa Ajeremani. Iwonso anali ndi sitima yawo, dzina lake Hermann von Wissmann, imene inalowa m'madzi mu 1893. Woyendetsa Guendolen anali Kaputeni Rhoades. Woyendetsa sitima ya Ajeremani anali Kaputeni Berndt. Anthu awiriwa anali pa chibwenzi. Akakumana pa doko ankachezerana ndi kumwera limodzi.

Pa 4 August 1914 Angerezi ndi Ajeremani anayamba kumenyana ku Ulaya. Iyi ndi nkhondo ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Uthenga unafika ku Zomba pa lamya, ndipo boma linalamula Rhoades kuti akafunefune sitima ya mnzakeyo ndi kuiwononga. Chifukwa chake nchosavuta kumva. Masiku amenewo kunalibe msewu wabwino wopita kumpoto. Asilikali, chakudya ndi zipolopolo zonse zinkayenda pa nyanja. Mwini nyanja ndiye akanayamba kufika ku Karonga.

Pakati pa mwezi womwewo wa August, m'mamawa, Guendolen inafika pa doko la Sphinxhaven, limene lero limatchedwa Liuli. Anapeza sitima ya Ajeremani ili pamtunda, aikokera kunja kwa madzi kuti aikonze. Rhoades analamula kuti aombe mzinga. Chipolopolo chinakamenya sitimayo.

Tsono tamvani izi. Berndt sankadziwa kuti kunja kuli nkhondo. Uthenga unali usanamufike. Atamva kulira kwa mzinga anakwiya, nakwera kabwato, napalasa mpaka pa Guendolen. Anafika akukalipa, kumufunsa mnzakeyo ngati waledzera! Rhoades anamuuza kuti maiko awo ali pa nkhondo, ndipo kuti iye tsopano ndi mkaidi. Angerezi anachotsa mfuti ndi zitsulo zina za injini pa sitima ija kuti isayendenso. Nkhondo yonse inathera pomwepo. Olemba mbiri ambiri amati iyi ndiyo inali nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Angerezi anapambana pa nkhondo yaikulu ija.

Mwina mukuseka, ndipo inenso ndimaseka ndikafika pamenepa. Koma kuchedwa kwa uthenga pa nyanja sikuti nthawi zonse kunkatha ndi phwete. Tibwerere m'mbuyo zaka 100, nthawi imene kunalibe lamya, zombo zikuyenda ndi mphepo yokankha nsalu zazikulu, monga zombo za Aluya zija zinkaoloka ku Nkhotakota. Mu 1812 Amereka ndi Angerezi anayambana. Kawirikawiri chombo chimodzi chinkakumana ndi chinzake pakati pa nyanja yamchere, nkumaomberana mizinga mpaka china chigonje. Akuluakulu a maiko awiriwa anasaina za mtendere pa 24 December 1814. Koma kalata inkayenda miyezi. Pa 23 March 1815 chombo cha Amereka, Hornet, chinakumana ndi cha Angerezi, Penguin, pafupi ndi chilumba cha Tristan da Cunha, kutali kumadzulo kwa Cape Town. Anamenyana osakwana theka la ola. Penguin inagonja, ndipo kaputeni wake, James Dickinson, anafa pamodzi ndi anthu ena. Anafera nkhondo imene inali itatha kale. Berndt, amene anagwidwa pa nkhondo imene sanaimve, ine ndimati anachita mwayi.

Nanga kwathu kuno zinatha bwanji? Nyanja itakhala ya Angerezi okha, sitima zinayamba kututa asilikali a KAR kupita nawo kumpoto. Pa 9 September 1914 panabuka nkhondo ku Karonga, ndipo Ajeremani anabwezedwa. Ambiri mwa amene anafa tsiku limenelo, mbali zonse ziwiri, anali anthu akuda. John Chilembwe wa ku Chiradzulu analemba kalata yodandaula za imfa zimenezi. Pambuyo pake amuna zikwizikwi anatengedwa m'midzi kukasenza katundu wa nkhondo, ndipo ambiri sanabwerere. Mu May 1915 Angerezi anapitanso ku Liuli kukaiphwanyiratu sitima ya Ajeremani ija, poopa kuti angaikonze.

Mafunso okambirana pa gulu

1. Chifukwa chiyani sitima zinkabwera zili zidutswazidutswa?
2. Chinamulepheretsa Berndt kukonzekera nkhondo nchiyani?
3. Kafunseni akuluakulu a m'mudzi mwanu ngati pa mtundu wanu panali munthu amene anapita ku mtengatenga. Lembani dzina lake m'kope mwanu, ndi zimene mwamva za ulendo wake, mudzatiwerengere tikadzakumananso.