Zitsulo, Chakudya ndi Majakisoni: Tiyankhe Makalata Anu

Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Ndirande. Mnyamatayu amanyamula zitsulo kuseri kwa nyumba, zina zoumba yekha ndi simenti m'zitini. Akufunsa ngati thupi lingakule popanda ufa wa mapuloteni wodula uja.

Lingakule ndithu, achimwene. Munthu wonyamula zitsulo amafunika mapuloteni okwana magalamu 1.6 mpaka 2.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Ngati mumalemera makilogalamu 70, ndiye kuti magalamu 112 mpaka 154. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Onjezerani usipa, soya, nyemba, mtedza ndi mkaka, mugawe m'mawa, masana ndi madzulo. Nsima musaithawe, ndiyo ikupatseni mphamvu zonyamulira. Muzigonanso mokwanira, poti minofu imakula mukamapuma.

Yachiwiri ndi ya bambo a ku Mzuzu amene akhala akupikisana zaka zambiri. Phewa limawabaya akamakankha chitsulo atagona pabenchi, koma anzawo akuti mwamuna amapirira.

Bambo, anzanuwo musawamvere. Kuphwanya kwa thupi komwe kumatha pakapita masiku awiri kapena atatu n'kwabwinobwino, koma kubaya kwa pamalo amodzi m'mfundo ndi chenjezo. Chepetsani zitsulo, kapimitseni. Dorian Yates wa ku England anapambana mpikisano wa Mr. Olympia kasanu ndi kamodzi, koma mnofu wa mkono unang'ambika mu 1994, wina mu 1997, n'kusiya mpikisano. Ronnie Coleman, amene anapambana kasanu ndi katatu kuyambira 1998 mpaka 2005, wachitidwa maopaleshoni ambiri a msana ndi chiuno, ndipo amayenda movutika.

Kalata yachitatu yandikhudza kwambiri. Mayi a ku Lilongwe akuti anapeza timabotolo ndi masingano m'thumba la nsapato za amuna awo. Bambowo atupa mabere, ziphuphu zadzaza kumsana, sachedwa kupsa mtima, ndipo mphatso ya mwana sikubwera.

Mayi, zizindikiro zimenezi zimagwirizana ndi ma steroid. Thupi likamalandira testosterone wochokera kunja, limaleka kupanga wake. Mbewu ya abambo imachepa, ziwalo zoberekera zimafota, ndipo gawo lina la mankhwalawo limasanduka mahomoni achikazi, n'chifukwa chake mabere aja. Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi chomwe simungachione: mtima umakhuthala, magazi amathamanga, mafuta oipa amachuluka m'mitsempha. Mapiritsi monga Dianabol amawononga chiwindi. Trenbolone, amene ena amadzibaya, ndi mankhwala onenepetsera ng'ombe. Wonyamula zitsulo wina, Andreas Münzer wa ku Austria, anamwalira mu 1996 ali ndi zaka 31 zokha, ndipo chiwindi chake anachipeza ndi zotupa. Anthu akamabwerekana singano, pali HIV ndi hepatitis B ndi C.

Musawakalipire, ndipo musataye timabotoloto mwakabisira. Munthu akasiya mankhwalawa amatha kufooka, kutaya chilakolako cha m'banja ndi kukhumudwa kwa miyezi, choncho ambiri amabwererako. Khalani nawo pansi pa nthawi yabwino, muwauze kuti mukufuna mwana ndiponso mukufuna iwo amoyo. Pitani limodzi kuchipatala mutanyamula timabotoloto, adokotala aone chomwe bambowo akhala akudzibaya, awayeze magazi, mtima, chiwindi ndi impso.