Phunziro 9: Mabisiketi a Makonifuleki

A. Werengani

Kuno ku Glasgow ambiri mwa ife timadya makonifuleki ndi mkaka tisananyamuke kupita kusukulu. Kodi mukudziwa kuti amapangidwa kuchokera ku chimanga? Kampani ya Kellogg's idayamba mu 1906 mumzinda wa Battle Creek ku America, koma mbewu yake ndi yomwe ija agogo amalima kumudzi. Iwo amakonola chimanga mumtondo, amakagayitsa kuchigayo, n'kuphikira nsima ndi phala. Lero tiphunzira kupanga mabisiketi achikale a makonifuleki, komanso kulankhula mwaulemu kukhitchini.

B. Kukambirana pafoni

Mdzukulu: Agogo, mwaswera bwanji?
Agogo: Ndaswera bwino mdzukulu wanga, kaya iwe? Kukuzizirabe kumeneko?
Mdzukulu: Kwambiri, agogo. Lero ndaphika mabisiketi. Ona!
Agogo: Iii, "ona" akuuza ndani? Ine ndi mnzako wosewera naye?
Mdzukulu: Pepani agogo. Onani.
Agogo: Eyaa, tsopano walankhula. Koma akongola bwanji! Ife kuno uvuni tilibe. Chigumu timaphika pambaula, makala ena pansi, ena pamwamba pa chivindikiro.
Mdzukulu: Ndikadzabwera mudzandiphunzitse.
Agogo: Ndidzakuphunzitsa, bola usaiwale Chichewa. Ukaiwala tizidzacheza bwanji?

C. Zofunika

Batala wofewa, magalamu 125
Shuga, magalamu 100
Dzira limodzi
Fulawa, magalamu 150
Bekingi pauda, supuni yaying'ono imodzi
Makonifuleki, makapu awiri
Kamchere pang'ono

D. Kaphikidwe kake

1. Sambani m'manja ndi sopo.
2. Pemphani munthu wamkulu ayatse uvuni, itenthe madigiri 180.
3. Sakanizani batala ndi shuga m'mbale yayikulu mpaka zisalale.
4. Swani dzira, lithireni m'mbalemo, ndipo takasani ndi mthiko.
5. Sefani fulawa, bekingi pauda ndi mchere, muthire momwemo.
6. Phwanyani makonifuleki ndi manja. Musawapere ngati ufa ayi, chifukwa bisiketi imakoma ikamalira khurrr m'kamwa.
7. Umbani timipira ting'onoting'ono, mutigubuduze m'makonifulekimo.
8. Tiyaleni pathireyi motalikirana, chifukwa tikatentha timafutukuka.
9. Phikani kwa mphindi 12 mpaka 15, m'mbali mukafiirire. Wotulutsa thireyi akhale wamkulu.
10. Dikirani azizire. Akangotuluka mu uvuni amakhala ofewa, ndiye mukawagwira msanga amanyenyeka. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

E. Chilankhulo: -ni waulemu

Polamula mnzathu kapena mwana timati: tenga, thira, lawa. Polankhula ndi wamkulu, kapena ndi anthu ambiri, timawonjezera -ni: tengani, thirani, lawani. M'Chingelezi mawu ake sasintha, n'chifukwa chake ana okulira kuno amaiwala. Koma kumudzi mwana wouza agogo kuti "bwera" amaoneka wamwano, ngakhale kuti mtima wake ndi wabwino.

Sinthani mawu awa kuti akhale aulemu:
sakaniza ________
dikira ________
khala pansi ________
idya ________

F. Mawu atsopano

kukonola: kusinja chimanga kuti gaga achoke
mthiko: mtengo wotakasira chakudya
mbaula: chophikira cha makala
kunyenyeka: kusweka tizidutswatizidutswa

G. Yankhani mafunso awa

1. Kodi makonifuleki amapangidwa kuchokera ku mbewu yanji?
2. N'chifukwa chiyani agogo sadakondwe ndi mawu akuti "ona"?
3. Kodi agogo amaphika bwanji chigumu popanda uvuni?
4. Chingachitike n'chiyani mukagwira mabisiketi asanazizire?

H. Ntchito ya kunyumba

Phikani mabisiketiwa ndi amayi kapena abambo, mukulankhula Chichewa chokhachokha. Akapsa, perekani bisiketi yoyamba kwa wamkulu ndi manja awiri, munene kuti, "Lawani." Kenaka imbirani agogo kapena azakhali, muwafunse zimene ankaphika ali ana. Lembani ziganizo zisanu za zomwe akuuzani, mudzatiwerengere Loweruka likubwerali.