Mabwinja a Fort Lister

Funso: Akuti pa mabwinja a Fort Lister pamayenda mizimu. Nanga malo a atsamunda tiwasungirenji? Wowerenga, Mulanje.

Yankho: Nkhani za mizimu ya m'phiri la Mulanje, makamaka ku Sapitwa, n'zakale kuposa lingali. Angerezi analimanga mu 1893 pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, pomwe akapolo ankadutsa popita ku Quelimane. Mukati n'chikumbutso cha atsamunda simukunama. Mtsamunda Harry Johnston ankafunanso kugonjetsa mafumu achiyao monga Matipwiri. Komatu makoma ogumukawo, ndi manda a mtsamunda Gilbert Stevenson chapafupi, akulozanso njira imene makolo athu anayendamo magoli ali m'khosi. Umboni wotere sitingautaye. Lero malowa ali m'boma la Phalombe. Kaoneni, koma musachotseko kanthu.