Lub-dub: mawu aang'ono amene madokotala amamvetsera pachifuwa

Amayi, ikani khutu pachifuwa cha mwana wanu akagona, mumvetsere. Mukumva chiyani? Ambiri a ife tingayankhe kuti gu, gu, gu, ndipo mantha akatigwira timati mtima ukuti thi, thi, thi. A ku Japan amati doki doki, a ku India olankhula Chihindi amati dhak dhak. Mtima ndi womwewo, koma mtundu uliwonse umaumva ndi makutu a chinenero chake. Angerezi amati lub-dub, ndipo potchula amamveka ngati labu-dabu. Mawu amenewa ndi oyenera kuwadziwa, chifukwa ndi omwe anamwino ndi madokotala athu amaphunzira kusukulu.

Kusiyana kwa lub-dub ndi gu, gu, gu wathu n'koti mawu a Chingereziwa ali ndi mbali ziwiri zosafanana. Mtima ukagunda kamodzi umatulutsadi mawu awiri. Oyamba ndi otalikirapo ndi akuya, achiwiri ndi afupi ndi akuthwa, kenako pamakhala kachete pang'ono. Yesani kutchula nokha: lub lilime limayamba mofewa, dub limamenya n'kudula msanga. Amene anasankha mawuwa anamvetsera bwino.

Anthu anadziwa kale kuti mtima umamveka. M'chaka cha 1628 dokotala wa ku England, William Harvey, amene anafotokoza mmene magazi amazungulirira m'thupi, anayerekeza kugunda kwa mtima ndi phokoso la pakhosi pa kavalo akamameza madzi. Koma kumvetsera bwinobwino kunayamba mu 1816 mumzinda wa Paris. Dokotala wina dzina lake René Laennec anafunika kupima mtsikana wodwala mtima, ndipo anachita manyazi kuika khutu pachifuwa chake monga ankachitira madokotala a nthawiyo. Anapinda mapepala ngati mpope, mbali ina pachifuwa, ina kukhutu, ndipo anadabwa kuti akumva bwino kuposa kale. Pambuyo pake anasema mpope wamtengo, n'kuutcha stethoscope. Chipangizo chimene adokotala amakoleka m'khosi lero ndi mdzukulu wa mapepala aja. Laennec anatulutsa buku lake mu 1819, ndipo anamwalira mu 1826 ndi chifuwa chachikulu, nthenda imene anathera zaka zambiri akuimvetsera m'zifuwa za anthu ena.

Chipangizo chitapezeka, panabuka vuto lina: wophunzira umuuza bwanji zomwe ayenera kumva? Kunalibe makina ojambulira mawu. Aphunzitsi a zachipatala olankhula Chingerezi m'zaka za m'ma 1800 anangotsanzira ndi pakamwa, n'kulemba zomwe atchulazo. N'chifukwa chake m'mabuku mumapezeka kalembedwe kosiyanasiyana, ena lubb-dupp, ena lub-dup, ena lub-dub. Lero madokotala polemba amafupikitsa kuti S1 ndi S2, koma pophunzitsa amabwererabe kwa lub-dub yemweyo.

Nanga chimalira n'chiyani? Mtima uli ndi zipinda zinayi, ndipo uli ndi tizitseko tinayi totchedwa mavavu, toletsa magazi kubwerera kumene achokera. Lub amamveka tizitseko tiwiri ta pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi tikatsekeka, pamene mtima ukuyamba kufinya magazi. Dub amamveka tiwiri tinato tikatsekeka, magazi atatuluka kupita kumapapo ndi kuthupi lonse. Dokotala wa ku France, Joseph Rouanet, anasonyeza mu 1832 kuti mawuwa amachokera ku tizitsekoti.

Apa ndi pamene phunziroli likutikhudza. Kachitseko kakawonongeka, kosatseka bwino kapena kosatseguka mokwanira, magazi amadutsa mokhuluza, ndipo pakati pa lub ndi dub, kapena pambuyo pake, pamamveka kaphokoso ngati shii. Si kaphokoso kalikonse kamene kali matenda; ana ambiri athanzi amakhala nako. Woweruza ndi wachipatala. Koma chimodzi mwa zinthu zimene zimawononga tizitseko ta ana kuno ku Africa ndi chinthu chimene timachipeputsa kwambiri: zilonda zapakhosi. Tizilombo totchedwa Streptococcus tikagwira pakhosi pa mwana, makamaka wa zaka 5 mpaka 15, osalandira mankhwala oyenera, chitetezo cha m'thupi polimbana nato chimatha kusokonezeka n'kuyamba kuwononga mtima womwe. Pakapita masabata awiri kapena atatu mwana amatentha thupi, mfundo zikuluzikulu monga maondo zimatupa ndi kupweteka, lero bondo ili, mawa lina. Zikatha ife timati wachira. Zikabwerezabwereza, tizitseko timachita zipsera.

Kawirikawiri vutoli limadzaonekera mtsikana atakula n'kutenga pakati, chifukwa nthawi imeneyo mtima umapopa magazi ambiri kuposa kale. Amayamba kubanika akagona chagada, amatopa ndi ntchito yaing'ono. Ife timangoti ndi mimba. Nthawi zina si mimba ayi.

Choncho mwana akadandaula pakhosi uku akutentha thupi, tipite naye kuchipatala, tisangomugulira Panado pagolosale. Mankhwala a penisilini amapha tizilomboti, ndipo mwana amalize onse amene wapatsidwa ngakhale aoneke kuti wachira. Amene anapezeka kale ndi vutoli amalandira jakisoni wa penisilini masabata atatu kapena anayi alionse kwa zaka zambiri. Jakisoniyo amapweteka, ana amamuthawa, ndipo apa m'pofunika mayi kapena mnansi wokumbutsa tsiku.

Kusikelo ya amayi oyembekezera mwaonako kalipenga kamene azamba amaika pamimba. Anakapanga ndi dokotala wina wa ku France, Adolphe Pinard, mu 1895, ndipo sikasiyana kwenikweni ndi mpope wa Laennec. Mtima wa mwana wosabadwa umagunda ka 110 mpaka 160 pa mphindi imodzi, pomwe wa munthu wamkulu amene wapuma umagunda ka 60 mpaka 100.

Pa msonkhano wanu wotsatira khalani awiriawiri. Ikani zala ziwiri pamkono wa mnzanu, m'munsi mwa chala chachikulu, wina agwire wotchi kapena foni, muwerenge kwa mphindi yathunthu. Amene mtima wake ukudumphadumpha, kapena ukuthamanga kupitirira 100 atakhala phee, akaonane ndi achipatala sabata yomweyo.