Kuyamba chaka cha sukulu ku England kwa mphunzitsi wochokera kunja

Chaka cha sukulu ku England chimayamba m'masiku oyambirira a Seputembala ndipo chimatha chakumapeto kwa Julaye. Chili ndi materemu atatu, ndipo pakati pa teremu iliyonse pamakhala tchuthi cha sabata imodzi chotchedwa half term. M'sukulu zoyendetsedwa ndi makhonsolo mphunzitsi amagwira ntchito masiku 195 pa chaka. Masiku 190 ndi ophunzitsa ana, asanu otsalawo ndi a maphunziro a aphunzitsi okhaokha, omwe amatchedwa INSET. Sukulu za mtundu wa academy zili ndi ufulu wokonza masiku awo, choncho kalendala yodalirika ndi ya sukulu imene munthu walembedwako ntchito. Kwa wochokera ku Zambia, Zimbabwe kapena South Africa, kumene sukulu zimatsegulira mu Januwale, kusiyana kumayambira pomwepo.

Chimene chimasautsa mphunzitsi wachilendo kawirikawiri si phunziro lake. Masamu ndi omwewo ku Mzuzu ndi ku Leeds. Chovuta ndi malamulo ndi zizolowezi za m'sukulu zimene anzake amazidziwa kale moti saganiza n'komwe zomuuza, ndipo zambiri mwa izo zimafunika kuzigwira m'masabata awiri oyambirira.

Ntchito yoyamba ndi ya mapepala, ndipo imayambika munthu akadali kwawo. Aliyense wogwira ntchito ndi ana amafufuzidwa mbiri yake kudzera ku bungwe la Disclosure and Barring Service, lomwe anthu amangoliti DBS. Bungweli limaona milandu ya mu United Kingdom mokha, n'chifukwa chake sukulu imafunanso kalata ya apolisi ya dziko lililonse limene munthuyo anakhalako, pamodzi ndi kalata ya bungwe loona za aphunzitsi kwawo, monga Teaching Council of Zambia kapena SACE ya ku South Africa. Makalata amenewa ndi osavuta kuwatenga munthu akapita yekha ku ofesi. Akawoloka nyanja amayamba kudalira achibale, ndipo miyezi imatha akudikira. Masatifiketi a maphunziro amayerekezedwa ndi a ku Britain kudzera ku bungwe la UK ENIC. Palinso chiphaso cha uphunzitsi chotchedwa QTS. Lamulo limalola amene anaphunzira uphunzitsi kunja kuphunzitsa kwa zaka zinayi asanachipeze, koma malipiro ake amatha kukhala otsika, choncho ndi bwino kufunsa sukulu kuyambira pachiyambi kuti idzamuthandiza bwanji kuchipeza.

Kufika m'dzikomo kuyenera kuchitika patatsala masabata awiri kapena atatu kuti sukulu itsegulidwe. M'masiku amenewa mphunzitsi apeze nyumba, atsegule akaunti ku banki, alembetse kwa dokotala wa m'dera lake wotchedwa GP, ndipo atsimikize kuti ali ndi nambala ya National Insurance. Malipiro amabwera kamodzi pamwezi, m'sukulu zambiri chakumapeto, pamene mwini nyumba amafuna lendi ya mwezi woyamba ndi ndalama ya chikole yomwe imatha kufika pa lendi ya masabata asanu. Amene wafika ndi thumba lopepuka amayamba teremu mtima uli pa ngongole. Ulendo wopita ku sukulu auyesenso tsiku lina m'mawa, pa ola lomwelo limene azidzanyamuka, kuti adziwe basi kapena sitima yoyenera.

Tsiku loyamba la teremu nthawi zambiri limakhala la INSET, ana kulibe. Misonkhano imachuluka ndipo mawu achidule amagwa ngati mvula, moti kope la m'thumba lolembamo mawu osamveka limathandiza kwambiri. Pa zonse zimene zimakambidwa tsikulo, nkhani ya chitetezo cha ana, yomwe amaiti safeguarding, ndiyo yoyenera kuimvetsera ndi makutu onse. Boma lili ndi buku la malangizo lotchedwa Keeping Children Safe in Education, ndipo gawo lake loyamba amayenera kuliwerenga aliyense wogwira ntchito ndi ana. Sukulu iliyonse ili ndi mkulu woona za nkhaniyi, wotchedwa DSL. Mphunzitsi watsopano asatuluke pa geti tsikulo asanadziwe dzina lake, nkhope yake ndi ofesi yake.

Apa ndi pamene mtima wabwino umatha kulowetsa munthu m'mavuto. Kwathu mphunzitsi ndi kholo: amakweza mwana pa njinga mvula ikamagwa, amamugulira mandasi akaona kuti sanadye, amapereka nambala ya foni kuti afunsidwe za mayeso madzulo. Ku England zimenezi zimatha kuchotsetsa munthu ntchito. Mwana sakwezedwa m'galimoto ya mphunzitsi popanda chilolezo cha sukulu, salembedwa uthenga pa WhatsApp, salandiridwa pa Facebook, ndipo sajambulidwa ndi foni ya mphunzitsi. Kukambirana ndi mwana mmodzi kumachitika chitseko chili chotsegula kapena pamalo oonekera. Mwana akaulula kuti akuzunzidwa, mphunzitsi salonjeza kusunga chinsinsi ndipo safufuza yekha. Amamvetsera, amalemba mawu a mwanayo monga momwe wawanenera, n'kupereka nkhaniyo kwa DSL tsiku lomwelo. Malamulowa angaoneke ouma, komatu amateteza mwana ndi mphunzitsi yemwe.

Chachiwiri chofunika kuchiloweza ana asanafike ndi ndondomeko ya sukulu yosungitsira mwambo. Kukwapula ana kunaletsedwa m'sukulu za boma ndi lamulo la 1986, ndipo zilango monga kugwaditsa, kukoka khutu kapena kunyoza mwana pamaso pa anzake n'zosaloledwa. M'malo mwake sukulu iliyonse ili ndi masitepe ake: chenjezo loyamba, lachiwiri, kutsala pambuyo anzake ataweruka, kuchotsedwa m'kalasi, kuitana makolo. Ana amawadziwa masitepe amenewa kuposa mphunzitsi watsopano, ndipo m'masiku oyamba amamuyesa dala kuti aone ngati amawadziwa. Wozolowera kalasi ya ana 80 omwe amaimirira ndi kupereka moni aphunzitsi akalowa amadabwa kuona ana 30 okha akumuyankha, kumutsutsa ndi kufunsa chifukwa cha lamulo lililonse. Kufunsako pakokha si mwano. Chimene chimagwira ntchito ndi kutsata ndondomekoyo mofanana tsiku ndi tsiku, ndi mawu odekha, osaopseza chilango chimene sichidzaperekedwa. Kukuwa kumangoonetsa ana kuti mphunzitsi watha nzeru.

Kenaka pamabwera mndandanda wa ana. Kompyuta ya sukulu imasunga zambiri za mwana aliyense: mmene anakhozera chaka chatha, matenda ake, zakudya zimene thupi lake limadana nazo, ndiponso ngati ali ndi zosowa zapadera pa maphunziro. Ena ali ndi chikalata chotchedwa EHCP, chomwe chimalamula sukulu kupereka thandizo lolembedwamo, ndipo mphunzitsi wotchedwa SENCO ndiye amafotokoza chochita ndi mwana aliyense wotere. Potengera zimenezi mphunzitsi ajambule pulani ya pokhala, mwana aliyense ndi mpando wake, isanafike nthawi yoti ana adzisankhire okha. Pulaniyo imathandizanso kuloweza mayina, ndipo mwana woitanidwa ndi dzina lake amamva msanga kusiyana ndi wongolozedwa chala.

Pa phunziro loyamba mphunzitsi aime pakhomo kulandira ana, awalozere pokhala, ndipo pa desiki pakhale kale kantchito kochepa kochita mwakachetechete. Dzina lake alilembe pa bolodi ndi kulitchula bwinobwino kawiri. Palibe chifukwa cholidulira kapena kulisintha. Ana omwe amatha kutchula mayina a osewera mpira ochokera m'maiko onse angathenso kutchula Chirwa kapena Mwale. Adzamuitana Sir, Miss, kapena Mr ndi Mrs kutsogolo kwa dzina la bambo. M'chipinda cha aphunzitsi zinthu n'zosiyana: m'sukulu zambiri ngakhale ahedi amaitanidwa ndi dzina loyamba, chinthu chomwe chimalemera pakamwa pa munthu woleredwa kuti wamkulu satchulidwa dzina. Za kalankhulidwe, ana ena adzaseka kapena kunamizira kuti sakumva. Kulankhula pang'onopang'ono ndi kulemba malangizo ofunika pa bolodi kumathetsa vutoli m'masabata ochepa, koma mawu onyoza mtundu kapena khungu la mphunzitsi sangolekereredwa. Amalembedwa ndi kuperekedwa kwa akuluakulu a sukulu.

Pokonza maphunziro, m'madipatimenti ambiri muli kale mapulani ndi zipangizo za chaka chonse, ndipo kuzigwiritsa ntchito si ulesi. Mphunzitsi adziwe msanga bungwe la mayeso limene sukulu imatsata, kaya AQA, OCR kapena Edexcel, chifukwa mayeso a GCSE omwe ana amalemba ali ndi zaka 16, mu Year 11, amafunsidwa mosiyana pa bungwe lililonse. M'sukulu za makhonsolo gawo limodzi mwa magawo khumi a nthawi yophunzitsa limapatulidwa kuti likhale lokonzekera ndi kuchonga, ndipo limatchedwa PPA. Sabata yoyamba isanathe ndi bwino kulowa m'bungwe la aphunzitsi monga NEU kapena NASUWT, chifukwa mabungwewa nthawi zambiri sathandiza pa mlandu umene unayamba munthu asanakhale membala.

Kulumikizana ndi makolo kumachitika kudzera pa foni kapena imelo ya sukulu basi. Kuimba foni kunyumba kukanena zabwino za mwana m'mwezi woyamba kumatsegula njira, moti tsiku lodzanena zoipa kholo limamvetsera.

Teremu yoyamba ndiyo yaitali ndi yolemetsa. Lamulungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa ndi ola limodzi, ndipo kusiyana kwa nthawi ndi Lilongwe, Lusaka kapena Harare kumachoka pa ola limodzi kufika pa maola awiri. Pofika Disembala, m'madera ambiri dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, kotero mphunzitsi amachoka kunyumba kuli mdima n'kubwerera kuli mdima. A bungwe la boma loona za umoyo la NHS amalangiza kumwa vitamini D m'miyezi imeneyi, ndipo kwa anthu akhungu lakuda chaka chonse. Tchuthi cha half term chakumapeto kwa Okutobala chisathere pa kuchonga makope kokha. Ndi nthawi yogula jekete lokhuthala ndi nsapato zosalowa madzi, yoona ngati msonkho ndi ndalama ya penshoni zikudulidwa molondola pa malipiro, ndi yokhala pansi ndi mkulu wa dipatimenti kuunika makalasi amene akuvutabe teremu isanapitirire.