UDZU WA M'LUSAKA NDI NCHITO YACE

Lusaka asanakhale likulu la dziko m'caka ca 1935, malo ambiri amene lero pali nyumba za Kanyama, Matero ndi Chawama anali chire ndi madambo. Kunali udzu wamitundumitundu, ndipo wina ukali kumera kufikira lero m'mbali mwa miseu, m'ngalande ndi pa mabwalo a masukulu. Mitundu itatu ndiyo iri yodziwika koposa.

Woyamba ndiwo tsekera. Umera m'zitsa pa mtunda, nutalika kupitirira munthu wamkulu. Uphuka ndi mvula yoyamba ya November, ucita ngala dzinja likamatha, ndipo pofika June wauma. Pamenepo anthu aumweta ndi cikwakwa, naumanga m'mitolo ya kufolera nyumba ndi kumangira mipanda. Mbeu yace iri ndi kamcira kopindika. Kakanyowa kamapotoka, ndipo kupotokako kuthandiza mbeu kulowa m'nthaka.

Waciwiri ndiwo nsenjere, imene ikonda cinyontho ca m'mphepete mwa mitsinje monga Ngwerere ndi Chunga. Mapesi ace ali ngati a nzimbe yaing'ono, ndipo atha kutalika mamita 3 kapena 4. Ng'ombe ziidya bwino ikakhala yanthete.

Wacitatu ndiwo kapinga. Iye satalika, koma ayanga pansi, nazika mizu pa mfundo iri yonse. Ngakhale ana ampondeponde pocita mpira, mvula ikabwera aphukanso.

Cinsinsi ca udzu ndi ici: mtengo ukula ku nsonga, koma tsamba la udzu likula kucokera m'tsinde, pafupi ndi dothi. Cifukwa cace mbuzi ikaudya, kapena munthu akaudula, udzu sukufa. Mizu yace ndi yambiri, yopyapyala ngati ulusi, ndipo igwira dothi monga ukonde ugwira nsomba. Masamba alandira madontho a mvula, madzi nayenda pang'onopang'ono, nalowa pansi osakokolola nthaka.

Pamene udzu wazulidwa, zinthu zisintha. Mphepo ya August inyamula pfumbi kulowetsa m'nyumba ndi m'maso. Dzinja likadza, madzi akumba zigwembe m'njira, natenga dothi ndi zinyalala kukatseka ngalande. Ku Kanyama vuto ili likula koposa, pakuti dziko la kumeneko ndi lacidikha, thanthwe la laimu liri pafupi, ndipo madzi a pansi sacedwa kukwera. M'caka ca 1978 madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri kumeneko, ndipo m'zaka za 2017 ndi 2018 nthenda ya kolera inasautsa anthu a komweko. Udzu pa wokha sungaletse cigumula, koma usunga dothi kuti lisakadzaze ngalande zocotsa madziwo.

Komabe udzu wautali suyenera kukhala pa khomo, cifukwa njoka, makoswe ndi udzudzu zibisalamo. Mwini nyumba wanzeru audula kuti ukhale waufupi, koma mizu aisiya. Sautentha m'mwezi wa October, pakuti moto wa nyengo yotentha usiya dothi lamaliseche pamene mvula yamphamvu iri pafupi.

MAFUNSO
1. Kodi tsekera asiyana bwanji ndi kapinga pa kameredwe kace?
2. Cifukwa ninji udzu uphukanso utadyedwa ndi mbuzi?
3. Kodi kudula udzu kupambana bwanji kuuzula?