KUTIKITA MANJA NDI MAPAZI: PHUNZIRO LA ODWALA KHATE NDI ABALE AO

Anthu ambiri m'midzi amayesa kuti khate limadya zala. Ici si coona. Zala zimaonongeka pang'ono pang'ono cifukwa ca zironda ndi kuuma kwa mfundo, ndipo zinthu ziwiri izi munthu angathe kuzipewa pakhomo pace pomwe, ndi madzi, mwala ndi mafuta.

Khate ndi nthenda ya tizirombo, si ufiti kapena tsoka la pamtundu ai. Tizirombo tace anatipeza ndi dokotala wina wa ku Norway, dzina lace Hansen, m'caka ca 1873. Tikalowa m'thupi timaononga mitsempha imene ipereka kumva ndi mphamvu ku manja ndi mapazi. Zotsatira zace ndi zitatu. Coyamba, khungu licita dzanzi, kotero kuti munthu aponda munga kapena kugwira mphika wamoto osamva kanthu. Caciwiri, thukuta lileka kuturuka, khungu liuma ndi kung'aluka. Cacitatu, zala zifoka ndi kupindika, ndipo zikakhala miyezi yambiri osaongoledwa, mfundo zace ziuma gwa.

Dokotala Paul Brand, amene anagwira nchito pa cipatala ca Vellore ku India kuyambira m'ma 1940, ndiye anaonetsa poyera kuti cimene cipundula odwala khate ndico kubvulala kosamva kuwawa. Cifukwa cace odwala aphunzitsidwa kucita okha nchito zinai izi tsiku ndi tsiku.

1. KUYANG'ANA. Popeza khungu silimva, maso ndiwo alowa m'malo. Madzulo ali onse munthu ayang'ane zikhato, pakati pa zala ndi kunsi kwa mapazi, kuona ngati pali thuza, mng'alu kapena potupa.

2. KUBVIIKA. Aike manja ndi mapazi m'beseni la madzi oyera mphindi 20. Madziwo asakhale otentha, pakuti angathe kupsa nao osadziwa. Khungu likafewa, akhule zikang'a ndi mwala mosamala, osafika poturutsa magazi.

3. KUPAKA MAFUTA. Apake khungu likali lonyowa, cifukwa nchito ya mafuta ndiyo kutsekera madzi m'khungumo. Vaseline ndi wabwino, ndipo akasowa, mafuta ophikira athandizanso. Mafuta a nyama ai, cifukwa aitana makoswe ndi nyerere usiku, ndipo wodwala sangamve pamene zirikumluma.

4. KUTIKITA NDI KUONGOLA. Aike dzanja pa nchafu, natenge dzanja linalo kutikita pang'ono pang'ono kucokera m'cikhato kufika kunsonga za zala, kuongola cala ciri conse kufikira pamene cilola. Abwereze kangapo, osakakamiza, pakuti khungu la m'mfundo lingang'ambike. Amene phazi lace likugwa poyenda akhale pansi, akolowetse nsaru ku phazilo ndi kulikokera kwa iye, kuti msempha wa kucitendene usafupike.

Phindu la kutikita ndi lotani? Khungu likhala lofewa, losang'aluka msanga. Mfundo zikhala zomasuka, ndipo munthu atha kugwira khasu, kusoka, kulemba ndi kudya yekha. Ndiponso ngati madokotala afuna kukonza zala zopindika pa opareshoni, nchito yao iyenda bwino pa zala zofewa, koma pa zala zouma ibvuta kwambiri.

Koma aliyense adziwe malire ace. Kutikita sikupha tizirombo, ndipo sikubweza kumva kumene kunatha kale. Tizirombo tifa ndi mankhwala a ku cipatala okha, amene munthu amwa miyezi 6 kapena 12, monga mwa kukula kwa nthenda yace. Kuyambira caka ca 1995 mankhwala amenewa aperekedwa kwaulere kudzera m'bungwe la World Health Organization. Munthu akayamba kumwa, saperekanso nthenda kwa anzace, cotero mkazi, mwana kapena mbale asaope kumgwira ndi kumthandiza kutikita.

Pa cironda sapatikita ai. Pafunika kutsuka, kumanga ndi nsaru yoyera, ndi kupumitsa phazi kapena dzanjalo. Ndipo ngati msempha wayamba kuwawa pa cigongono kapena pa bondo, ngati mawanga atupa, kapena cala cafoka mwadzidzidzi, asataye nthawi ndi kuthowa. Apite ku cipatala msanga, cifukwa alipo mankhwala opulumutsa msempha ngati munthu wafika nthawi yabwino.

M'caka ca 1994 dziko la Malawi linafika pocepetsa khate kotero kuti odwala sanakwane mmodzi pa anthu 10,000 ali onse. Komabe nthendayi siinathe, ndipo alipo ambiri amene anacira koma anatsala ndi dzanzi moyo wao wonse. Amenewa ayenera kusamala manja ndi mapazi ao ngakhale anatsiriza mankhwala kalekale.

Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga ali ndi udindo wofotokozera anzao mau awa pa sukulu, ku chalichi ndi pabwalo la mfumu. Mwana akapezeka ndi banga loyezuka pakhungu, losayabwa ndi losamva akaligwira, makolo ace auzidwe kuti apite naye ku cipatala sabata yomweyo.